Batire yakufa ndi ubongo wa mwana

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse.

Ndiyambe ndi batire. Masiku ano makomo ambiri ali ndi batire ya sola kapena ya galimoto yotchajira mafoni. Ikafa, anyamata amaiswa ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, n'kutulutsa timapale totuwa tija, n'kusungunula kuti agulitse. Chitsulo cholemeracho ndi mtovu. Fumbi lake limatsalira pabwalo pomwe mwana amakwawa, ndipo inu amayi mukudziwa kuti kwa mwana wokwawa chilichonse n'cham'kamwa.

Munthu wamkulu akameza mtovu, wambiri umatuluka. Mwana akaumeza, thupi lake limayamwa kuwirikiza kanayi kapena kasanu, ndipo umakafika ku ubongo umene ukukula kumene. Chondiwawa n'chakuti mwanayo nthawi zambiri satentha thupi, sakhosomola, amasewera bwinobwino. Tidzazindikira atayamba sukulu: wabwereza sitandade 2 kawiri, zimene wauzidwa m'mawa masana waiwala, sakhazikika. Ife timati ndi mbuli, ena amati anamulodza, mpaka kumukwapula, chonsecho mwana alibe mlandu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wabwino, ndipo ubongo ukawonongeka subwerera mwakale.

Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akuziona ndi maso. Mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha dothi limene amaseweramo.

Amayi oyembekezera, ndikudziwa mtima umafuna dothi, koma pewani, chifukwa dothi limatha kukhala ndi mtovu. Mtovu umabisala m'mafupa zaka zambiri, ndipo pa nthawi ya pakati umatuluka n'kupita kwa mwana wam'mimba.

Batire yakufa musaiswe pakhomo, musaisunge mochezera ana. Abambo ogwira ntchito zamabatire ndi zowotcherera, vulani zovala zakuntchito ndi kusamba musananyamule mwana. Penti wakale akamasupuka pachitseko, kolopani ndi nsanza yonyowa, osasesa pouma. Anawo muziwasambitsa m'manja ndi sopo asanadye, ndiponso asamasowe usipa, nyemba ndi bonongwe, chifukwa mwana wanjala ndi woperewera magazi ndiye amayamwa mtovu kwambiri.

Amene akudziwa kuti pakhomo pawo panaswedwapo batire, atsalire tikamaliza, tikaone malowo limodzi.