Knysna: Msewu Womangidwa ndi Matabwa, Osati ndi Mwana wa Mfumu

Mukafika ku Knysna, pagombe la kumwera kwa South Africa, simugona masiku awiri wina asanakunong'onezeni kuti tauniyi anaiyambitsa ndi mwana wa mfumu ya ku England. Bodza limeneli ndathana nalo lero, muone.

Takulandirani nonse. Abale athu a ku Joni, makamaka inu ogwira ntchito cha ku George ndi Plettenberg Bay, msewu wa N2 umene umang'amba pakati pa Knysna uja ndi womwewo tikukamba. Mwina mwadutsapo dzulo muli pa taxi.

Choyamba, mwachangu. Knysna ili m'mbali mwa dziwe lalikulu lamchere, lolumikizana ndi nyanja pampata wopapatiza wa pakati pa matanthwe awiri otchedwa The Heads. Kumbuyo kwake kuli nkhalango yachilengedwe ya yellowwood ndi stinkwood, osati paini wobzala ngati wa ku Chikangawa. Mu 1817 sitima yotchedwa Emu inayesa kulowa pampatapo, inagunda mwala. Ina, Podargus, inabwera kudzapulumutsa, inalowa bwinobwino, ndipo matabwa anayamba kupita ku Cape Town panyanja. Basi, tapita.

Chachiwiri: poyamba panali timidzi tiwiri, Melville wa mu 1825 ndi Newhaven wa m'ma 1840. Anatiphatikiza mu 1882. Tchalitchi chakale cha St George's chili pamsewu waukulu pomwepo, ndipo mwala wake wa maziko anauika mu 1849 ndi John Rex, mwana wa George Rex. Dzina la Rex limeneli mulisunge.

Chachitatu. Apa ndikhala pansi, pepani, chifukwa nkhaniyi imandiwawa.

George Rex anafika ku Cape mu 1797 kudzagwira ntchito pakhothi loona za sitima zapamadzi. Mu 1804 anagula famu ya Melkhoutkraal ku Knysna, nakhala bwana wamkulu wa dera lonselo mpaka imfa yake mu 1839. Nthano imati anali mwana wamseri wa Mfumu George III, wobadwa kwa mayi wina dzina lake Hannah Lightfoot, ndipo akuti anamuthamangitsira ku Africa kuti asachititse manyazi banja lachifumu. Umboni wake? Tamverani. Akuti dzina lake ndi George ngati mfumuyo, ndipo "Rex" m'Chilatini ndiye kuti mfumu. Abale anga! Ndiye kuti aliyense wotchedwa Chimfumu kwathu kuno tizimugwadira? Akutinso anafika ku Knysna ndi ngolo zambiri, katundu wapamwamba ndi antchito. Inde, munthuyo anali ndi ndalama. Ndalama si magazi achifumu.

Wofufuza wina, Patricia Storrar, anakumba zikalata za ku London natulutsa zimene anapeza mu 1974. George Rex anabadwa mu 1765 ku Whitechapel. Bambo ake anali John Rex wina, osati wa tchalitchi uja, wotcheza mowa waukali. Mwamva? Wotcheza! Dzina la Rex linali la pamtundu pawo kalekale, ndipo George anaphunzira ntchito ya zamalamulo ngati mwana wina aliyense wa munthu wopeza bwino.

Koma chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Amati sanakwatire mwalamulo chifukwa mfumu inamuletsa. Zoona zake n'zakuti anakhala ndi mayi amene kale anali kapolo, Johanna Ungerer, nabereka naye ana. Kenako anatenga mwana wamkazi wa mayiyo wa bambo wina, Carolina, nabereka naye ana enanso. Pafamu pake pankagwira ntchito akapolo. Nanga simukuona chifukwa chake anthu anakonda kukamba za nyumba yachifumu? Nthano ija inali chitenje chofunditsa zinazi. Ngati wokuonetsani malo anakuuzani za mwana wa mfumu, lembani m'makomenti, ndikufuna ndidziwe kuti tilipo angati.

Ndisanaiwale, ambiri mwa inu mumaonera koma simunadine subscribe. Ndikukuonanitu. Dinani, ndi kabelu komwe, n'zaulere.

Chachinayi, ndiye mabizinesi enieniwo. Mu 1869 banja la Thesen la ku Stavanger, Norway, linanyamuka pa sitima yawo Albatros kupita ku New Zealand. Sitima inawonongeka cha ku Cape, ulendo unathera pomwepo, ndipo mu 1870 anakhazikika ku Knysna. Anayamba ndi kunyamula katundu panyanja, kenako sitolo, kenako makina ochekera matabwa. M'ma 1890 kunabwera George Parkes wa ku Birmingham. Pamene panali macheka ake, chakufupi ndi msewu waukulu, lero ndi malo ogulitsira zinthu otchedwa Woodmill Lane.

Tsono taganizani za wodula mitengo. Wakhala masabata m'nkhalango. Mtengo waugwetsa ndi nkhwangwa, wauika pamwamba pa dzenje, wina ali pamwamba, wina pansi, utuchi ukumuthira m'maso, monga amachitira ocheka matabwa kwathu. Wakweza pangolo ya ng'ombe, watsetsereka mpaka m'tauni. Wamalonda wayang'ana matabwawo, wapukusa mutu, watchula mtengo wake yekha. Ndipo kawirikawiri ndalama osaziona: amupatsa ufa, shuga, khofi ndi fodya za m'sitolo ya wamalonda yemweyo. Zikapanda kukwana, alemba m'buku. Munthu abwerera kunkhalango ali ndi ngongole yoti akadulire mtengo wina. Ambiri mwa iwo anali azungu osauka olankhula Afrikaans, pamodzi ndi makaladi. Masitolo a pamsewu waukulu ananenepa choncho.

Chachisanu, nthawi yatha, ndithamanga. Golide anapezeka cha ku Millwood, m'ma 1880 kunadzaza anthu, koma sanachedwe kutha. Nyumba ina anaiphwasula n'kuinyamulira m'tauni, lero ndi Millwood House pa Queen Street. Kasitima ka matabwa kotchedwa Coffee Pot kanayenda kuyambira 1907 mpaka 1949. Odula mitengo omaliza boma linawachotsa m'nkhalango mu 1939 n'kuwapatsa penshoni, ndipo doko linatsekedwa mu 1954.

Sabata yamawa tilowa m'nkhalango momwemo kukafuna njovu za ku Knysna. Amene mukuti kulibe njovu kumeneko, tionana Lachisanu.