Kutsuka makoma osawononga penti komanso osadzivulaza

A mfumu, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Ndikhulupirira nonse mwamva zomwe zinachitika kuseri kwa msika kuja Lachiwiri lapitali. Mayi mnzathu ankafuna kuchotsa chuku chomwe chadetsa khoma la kubafa ndi mvula yathayi. Anathira jiki m'chidebe, n'kuwonjezeramo mankhwala otsukira m'chimbudzi aja, akuti kuti zikhale zamphamvu. Chitseko chotseka, zenera lotseka. Pasanapite nthawi maso anayamba kuwotcha, kutsokomola kosalekeza, kubanika, mpaka anamunyamula pa kabaza ulendo wa kuchipatala. Pano ali bwino, tithokoze Mulungu.

Mankhwala ambiri a m'chimbudzi amakhala ndi asidi, ndipo asidi akakumana ndi jiki pamatuluka mpweya wa klorini, womwe umawotcha m'maso ndi m'mapapo. Vinega nayenso ndi asidi. Ndiye mundimvetse bwino: jiki asasakanizidwe ndi china chilichonse, koma madzi basi. Ndibwereze? Jiki ndi madzi basi.

Tsopano makomawo. Musanakhudze khoma, dziwani kaye kuti linapakidwa chiyani. Penti ya mafuta, yonyezimira ija ya m'khitchini ndi m'zitseko, imapirira madzi ndi sopo. Penti ya madzi, yomwe ili m'mabalaza ambiri kuno, siyifuna kukhulidwa. Mukalimbikira pamatsala chigamba chomwe chimaoneka kuposa litsiro lomwe mumachotsalo. Laimu ndiye musayerekeze n'komwe kumuthira madzi, amangosungunuka. Mpukuteni ndi burashi youma, akada mupake wina.

Koma amayi inu, sitiliwulu ndi ya mapoto! Ndinalowa m'nyumba ina mwezi watha, mwana atajambula galimoto pakhoma ndi makala, mayi ake n'kupala ndi sitiliwulu mpaka pulasitala kuonekera. Galimoto inachoka, inde, koma tsiku losamuka alandilodi adzafuna ndalama ya penti ya chipinda chonse. Pamenepo pankangofunika kupukuta makalawo ndi kansalu kouma, otsalawo n'kusisita pang'onopang'ono ndi soda yemwe uja timathira mu therere, pakansalu konyowa. Ndiponso penti yakale ya mafuta ina imakhala ndi mtovu. Mukaipala youma, fumbi lake limagwera pansi pomwe ana amakwawa, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana.

(Bambo wina akufunsa: Nanga ife timatsuka chuku, pakatha mwezi chabwereranso pomwe paja. Tiziwonjezera jiki?)

Ayi bambo, mwafunsa bwino, koma kuwonjezera jiki sikuthandiza. Chuku chimamera pomwe pali chinyezi, ndiye funsani kuti madziwo akuchokera kuti. Chikakhala m'mwamba, pafupi ndi denga, kwerani mukaone malata. Kawirikawiri ndi msomali umodzi womwe ukudontha. Chikakhala m'munsi, penti ikutupa n'kumayoyoka ndi ufa woyera ngati mchere, ndiye kuti khomalo likumwa madzi kuchokera pansi. Mwina omanga sanaike pulasitiki pamaziko, mwina madzi a padenga amagwera m'tsinde mwa khoma momwemo chifukwa palibe ngalande. Kumbani kangalande madzi azipita kutali, ndipo ngati muli pa lendi, alandilodi aone ndi maso awo mvula isanabwerenso mu Novembala. Chinanso ndi ifeyo eni ake. Chiperoni chikayamba mu Juni timayanika zovala m'nyumba, mawindo otseka tsiku lonse, wodilopu itakanikizana ndi khoma. Isunthireni kutsogolo pang'ono kuti mphepo izidutsa kumbuyo. Ena timalowetsanso mbaula m'chipinda kuti tiwothe. Mwaye wake umadetsa khoma, ndipo mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo. Komanso musapake penti pamwamba pa chuku, chimatulukiranso. Konzani podontha, muphe chukucho, khoma liume bwinobwino, penti pambuyo. Popha chukucho, kapu imodzi ya jiki mu makapu 10 a madzi yakwana, mawindo otsegula, m'manja mutavala magolovesi kapena majumbo. Jiki ndi madzi basi, bambo, mukawauzenso amayi kunyumba.

Ndaona kumbuyoko ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndithamange. Yambani n'kuchotsa fumbi ndi ukonde wa kangaude ndi tsache lokulunga nsalu, chifukwa fumbi likanyowa limasanduka matope. Zidebe ziwiri, china cha madzi ofunda ndi timadontho ta sopo wotsukira mbale, china cha madzi oyera otsukuluzira. Yesani kaye pobisika, kuseri kwa chitseko, muone ngati penti ikutsalira pakansalu. Jiki amafufutsa mtundu, ndiye naye muyese pomwepo. Finyani kansalu kasamadonthe, muyambire m'munsi kukwera m'mwamba kuti madzi akuda asasiye mizere, kenaka pukutani ndi nsalu youma. Pafupi ndi soketi zimitsani kaye magetsi. Penti yatsopano idikire mwezi isanakhudze madzi. Amene munamata mapepala okongoletsa aja, a pulasitiki amalola kansalu kofinya, osanyowetsa m'molumikizira, koma a pepala lenileni ndi kupukuta kouma kokha. Botolo la jiki likhale pamwamba pomwe ana safika, musamuthire m'botolo la zakumwa, ndipo musamusakanize ndi kanthu, koma madzi basi. A mfumu, ndabweza mpata.