Dzungu Silikokedwa Kuti Liyange Msanga

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tili pa Marko 4:27, paja wofesa uja amagona ndi kuuka, usiku ndi usana, mbewu n'kumamera ndi kukula iye osadziwa umo zichitira. Sabata ino mtima wanga uli pa makomo amene muli mwana wobadwa ndi mkono wolobodoka, vuto lija achipatala amalemba m'buku kuti Erb's palsy. Inu amayi amene mukangodzuka mumayamba mwayang'ana kamkono kaja ngati kasuntha usiku, mawu awa ndi anu. Ndineneretu zisanachuluke: musaleke mafizo. Ngakhale mwatopa, ngakhale simukuona kusintha, lero lino musaleke.

M'khosi mwa munthu mumatuluka mitsempha isanu mbali iliyonse. Siyonyamula magazi ayi, ndi yotumiza mauthenga kuchokera ku ubongo kupita kuphewa, kuchigongono, kudzanja ndi kuzala. Pobadwa, mutu ukatuluka koma phewa n'kukanirira kuseri kwa fupa la m'chiuno cha mayi, khosi limapendekera mbali imodzi ndipo mitsemphayi imakokeka. Zimachitika kawirikawiri mwana akakula kupitirira makilogalamu 4, mayi akakhala ndi shuga, kubereka kukatalika, kapena mwana akatsogoza matako. Nthawi zina zimachitika popanda chilichonse mwa izi, ngakhale kwa mwana wobadwa pa opaleshoni. Mwa ana 1,000 obadwa, mmodzi mpaka atatu amabadwa chonchi. Ikavulala mitsempha yam'mwamba yokha, mkono umagona m'mbali mwa thupi utatembenukira m'kati, chigongono chili chowongoka, chikhatho chikuyang'ana kumbuyo, koma zala zimagwira ndithu mukaikamo chala chanu. Ikavulala yonse isanu, mkono wonse mpaka zala umangoti lobodo.

Amene anadzalapo maungu akudziwa. Mukhoza kukhala pachulu tsiku lonse mukuyang'anitsitsa nsonga ya dzungu, simuiona ikuyenda. Bwerani pakatha sabata, mupeza yadumpha mzere. Mtsempha wovulala nawo umayanga, kungoti mochedwa kwambiri: pafupifupi milimita imodzi patsiku, masentimita awiri ndi theka kapena atatu pamwezi. Umayambira m'khosi pomwe unavulalira n'kumatsika, ndiye malo apafupi amayamba kudzuka, akutali n'kumadikira. Mtsempha ukangokokeka osaduka m'kati, mwana amachira m'masabata ochepa kapena m'miyezi iwiri itatu, ndipo ana ambiri ali m'gulu limeneli. Ukaduka m'kati, ulendo umatalika, ndipo mphamvu imatha kumawonjezereka mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu amatsala ndi chovuta china chake mpaka kukula. Kuyangako si ntchito yanu amayi. Kumachitika mwana ali kubere, kumachitika inu muli mtulo, ndipo Mwini moyo ndiye amakuyendetsa.

Dzungu silikokedwa kuti liyange msanga. Mukalikoka limathothoka. Apa ndilankhule nanu agogo ndi azakhali, mwaulemu koma mosabisa. Kukoka mkono wa khanda kuti uwongoke sikuthandiza, kumangovulaza phewa. Kutema mphini kumaika zilonda pa mkono umene sukumva bwino. Kuthowa ndi madzi otentha ndiye koopsa kwambiri, chifukwa khungu la mkono wotere nthawi zina silimva kutentha, mwana amapsa osalira, inu n'kudzaona matuza mawa. Pa chifukwa chomwecho samalani mbaula, phala lotentha ndi madzi osamba, ndipo mano akayamba kumera muziona zala, popeza ana ena amadziluma mpaka magazi osamva kuwawa. Chinanso ndi chizolowezi chathu chogwira mwana pamkono n'kumuponyera kumbuyo pobereka. Kwa mwana uyu ayi. Mugwireni pachifuwa ndi kumatako, wina akuthandizeni kumuika kumsana, ndipo mukamanga chitenje onani kuti mkonowo uli kutsogolo kwake, sunapinikizike kumbuyo kapena kulendewera. Pomuveka malaya muziyamba mkono wodwalawo, pomuvula muzimalizira womwewo.

Koma mlimi amene sakoka dzungu samangokhala pakhonde. Amapalira kumene dzungulo likulowera. Mafizo ndiko kupalirako. Pali chimene chimawonongeka mwakachetechete mtsempha uli m'njira: minofu yotembenuzira mkono m'kati imakhala ikadali ndi mphamvu, pamene yotembenuzira kunja yagona. Ndiye phewa limakokedwera mbali imodzi usana ndi usiku, minofu ija imafupika, mutu wa fupa la mkono umakankhikira kumbuyo, ndipo malo amene umakhalamo amakula mopotoka. Izi zimatha kuyamba mwana asanakwanitse chaka. Mtsempha ukhoza kudzafika ndithu, koma udzapeza phewa litauma, mwana ali ndi mphamvu koma polowera palibe.

A mafizo akuonetseni kaye ndi manja awo, ndipo musachite manyazi kuwapempha kuti abwereze mpaka mutagwira. Chachikulu pa zonse ndi ichi. Gonekani mwana chagada pamphasa poyala nsalu. Zigongono zake zonse ziwiri zikhale zogunda m'nthiti, zopinda mwakuti manja aloza kumwamba. Kenako, zigongono zili pompo, tsekulani manjawo pang'onopang'ono kupita kunja ngati akagunde pamphasa. Chitani mikono yonse iwiri pamodzi kuti wabwinowo ukuonetseni pamene wodwalawo uyenera kufika. Mukafika pomwe pakuyamba kukana, imani pomwepo, werengani mpaka 10, bwezani, ndipo mubwereze kokwana 10. Chigongono chikachoka m'nthiti, ntchito yonse yapita pachabe, chifukwa phewa lazemba. Mukatha apo kwezani mkono kudutsa pamutu, dzanja lanu lina litagwira fupa lakumbuyo kwa phewa kuti lisatsatire. Pindani ndi kuwongola chigongono mpaka kumapeto. Tembenuzani chikhatho chiyang'ane kumwamba. Dzutsani dzanja pamfundo yake, tambasulani zala, osaiwala chala chachikulu.

Zonsezi ndi mphindi zochepa chabe, koma zimafunika kangapo tsiku lililonse. Njira yosaiwalika ndiyo kuzimangirira pa thewera: mukasintha thewera, mafizo. Nthawi zambiri amayamba pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chibadwire, achipatala ataona kaye ngati fupa lopingasa pakati pa khosi ndi phewa silinathyoke, chifukwa nalonso limathyoka pa kubadwa kovuta ndipo limafuna kupola kaye. Musakakamize mpaka mwana kukuwa. Akakula pang'ono, muzimugoneka chafufumimba ali maso inu muli pomwepo, kuti azitsamira mikono yonse. Muziyamwitsa mbali zonse, muziika zidole ku mbali yodwalayo, muzisisita mkonowo ndi nsalu yofewa ndi yokhakhala kuti ubongo usauiwale. Mukuti zakukwanani, ndikumva. Koma udzu sudikira kuti mlimi apume kaye. Paliranibe.

Tsopano mawu olemera. Dzungu likazulidwa patsinde, kudikira sikulibweza. Pali mitsempha imene imazuka pamsana penipeni, ndipo yotere siyimeranso yokha. Chikhulupiriro sichitiletsa kuwerenga miyezi. Lembani tsiku limene mwana akwanitse miyezi itatu. Pofika tsikulo, kodi akutha kupinda chigongono yekha, kukweza dzanja kupita kukamwa? Ngati sakutha, pitani kuchipatala sabata yomweyo, musadikire tsiku la sikelo, ndipo mupemphe kuti aonedwe ndi a mafupa. Musadikire n'komwe miyezi itatuyo ngati zala zomwe sizigwira, ngati chikope cha diso la mbali yomweyo chagwa, kapena ngati mwana akupuma mofulumira ndi movutikira. Mkono ukatupa, thupi n'kutentha, mwana n'kumalira mukaukhudza, limenelo ndi vuto lina la tizilombo m'fupa kapena m'mfundo, lofunika kuchipatala lero lomwe.

Changuchi chili ndi chifukwa chake. Mnofu ukakhala wopanda mtsempha kwa miyezi 12 mpaka 18 umafota mosabwereranso, ngakhale mtsempha utadzafika pambuyo pake. N'chifukwa chake opaleshoni yolumikiza mitsempha imachitika kawirikawiri mwana ali pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi inayi. Madokotala amatha kutenga kamtsempha kumbuyo kwa mwendo n'kulumikizira poduka paja, kapena kupatutsa mtsempha wina wamoyo kuti ugwire ntchito ya wakufawo. Opaleshoni yotere sichitika paliponse, ndiye kalata yotumizira iyambe kuyenda msanga. M'zipatala za m'maboma muli a mafupa. Ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba ndi ku Mzuzu kuli a mafizo, ndipo chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chimathandiza ana amene ali ndi mavuto a mafupa ndi ziwalo. Mvula ili ndi nyengo yake, abale. Kupemphera kuyende limodzi ndi ulendo wa kuchipatala.

Mwana wotere akabadwa, m'nyumba mumalowa funso lija ophunzira anafunsa pa Yohane 9, lakuti anachimwa ndani. Akuchimuna amati mayi sanalimbike pobereka. Akuchikazi amakayikira bambo kuti anasempha mwambo. Ena amaloza mnansi wa kuseri kwa mpanda. Yankho la Ambuye mukulidziwa: sanachimwe mwanayo kapena makolo ake. Mayi amene anaona mwana wake atakanirira pakhomo pa moyo safunika mlandu, ali kale ndi bala lake mumtima, ndipo ambiri amalira okha usiku osauza munthu. Inu abambo, mafizo si ntchito ya amayi okha. Manja amene amagwira khasu angathe kugwira kachigongono ka mwana wawo. Tengani chigawo cha m'mawa musanapite ku ntchito ndi cha madzulo mukabwera. Ndalama ya minibasi yopitira kuchipatala muziipatula ngati ya feteleza, chifukwa maulendowo ndi a zaka, si a mwezi umodzi. Ndipo ana enawo musawaiwale. Mkulu wake akhoza kumagwedeza chidole ku mbali yodwalayo, nayenso n'kumva kuti ali ndi gawo.

Maungu a munda umodzi sakula mofanana. Mwana wina adzachira mwakuti simudzakumbuka kuti unali mkono uti. Wina mkono udzakhala wofupikirapo ndi wowonda, chigongono chosawongoka mpaka kumapeto, ndipo pofuna kudya azidzakweza chigongono m'mwamba kuti dzanja lifike pakamwa. Kwa wotere thandizo silinathe. Akafika zaka ziwiri zitatu kapena kupitirira, pali opaleshoni yomasula phewa louma ndi yosamutsa minofu kuti azitha kukweza mkono ndi kufika kumutu. Choncho buku lake lisatayike, ndipo aziyenderabe kuchipatala mpaka atasiya kukula, chifukwa mfundo zimatha kuumanso pa msinkhu umene mwana akutalika mofulumira. Kunyumba mupatseni zochita za manja awiri: kuwakha mpira, kuomba m'manja pa nyimbo za Sande sukulu, kusinja m'kamtondo, kunyamula kachidebe. Musamuchitire zonse. Chifundo chomulanda mwana ntchito chimaumitsa mkono chimodzimodzi ndi ulesi.

Ngati mkono wovulala ndi wamanja ndipo sunachire bwino, mwanayo adzadya nsima ndi lamanzere, adzalemba ndi lamanzere, mwina adzapereka moni ndi kulandira chinthu ndi dzanja limodzi. Si mwano. Akuluakulu a pamudzi ndi a mumpingo, musamudzudzule pagulu, ndipo mwana wanu mukamumva akumutcha mnzake dzina lonyoza chifukwa cha mkono, mudzudzuleni pomwepo. Makolo, kaonaneni ndi aphunzitsi chaka chikamayamba, muwafotokozere zimene amatha ndi zimene zimamuvuta, kuti asamukakamize dzanja lamanja komanso asamukhazike pambali anzake akamasewera. Mwanayo akayamba kufunsa, muuzeni zoona mwachidule: unavulala mitsempha pobadwa, palibe amene anakulodza, ndipo sunalakwe kanthu.

Amayi, mukadzakhalanso oyembekezera, nenani nkhaniyi pa ulendo woyamba wa kusikelo. Pemphani kuyezedwa shuga, ndipo mukachilire kuchipatala chimene angathe kuchita opaleshoni, chifukwa phewa likakanirira kamodzi likhoza kudzakaniriranso.

Tipemphere. Atate, Inu amene mumameretsa mbewu ife tili mtulo, fikitsani mitsempha ya ana awa kumene iyenera kufika. Limbitsani manja a amayi ndi abambo amene atopa, patsani nzeru madokotala ndi a mafizo, ndipo tsekani pakamwa pathu pamene tikufuna kuloza chala. M'dzina la Yesu, Amen.

Musanatuluke m'mawa uno, tsekulani buku la mwana muwerenge miyezi yake, kenako mumugoneke pamphasa muchite chigawo choyamba. Ndipo inu amayi a chigwirizano ndi a mvano, ngati mumpingo mwanu muli banja lotere, lifunseni tsiku limene likuyenera kubwerera kuchipatala, musonkhe ya minibasi, ndipo mmodzi wa inu awaperekeze.