Mamegawati 300 a pa Kam'mwamba ndi utsi umene suoneka

Zikomo a Gulupu, mafumu nonse, amayi ndi abambo. Inu a kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Papita zaka tikumva kuti kuno ku Neno, pa Kam'mwamba, padzamangidwa malo opangira magetsi ndi malasha, a mamegawati 300. Malashawo ankati azidzachokera ku Moatize, pa njanji yomweyi ya sitima zopita ku Nacala. Ndalama zake tinkayang'ana ngongole ya ku China, koma mu 2021 mtsogoleri wa dzikolo, Xi Jinping, adalengeza kuti asiya kumanga malo otere m'maiko ena. Zoti amange kapena asamange, lero tizisiye. Ine ndafuna kuti akadzabweranso eni ntchitoyi ndi mapepala awo, adzakupezeni mukuidziwa nambala imeneyi.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Malasha amayaka, madzi n'kuwira, nthunzi yake n'kumazunguza makina opukusa magetsi. Basi.

Nanga 300 ndi yambiri? Kwa ife, kwambiri. Kapichira amapanga pafupifupi 130, ndipo mdima umene tidauona namondwe Ana atagumula damu lake mu Januwale 2022 simunauiwale. Ndiye pano tikunena Kapichira awiri ndi kapamwamba, osadalira kuti Shire wadzaza kapena waphwa. Ubwino umenewo sindingaubise. Anzathu a ku Zambia ali nawo malo a 300 omwewo ku Maamba, makina awiri a 150, amene adayamba ntchito mu 2016. Madzi atatsika ku Kariba ndi chilala cha 2024, malowa adawagwira mkono, mpaka adayamba kumanga ena owonjezera.

Koma tcherani khutu apa. Nambala ya 300 ili ngati kunena kuti chigayo chingagaye matumba akutiakuti pa ola. Ufa weniweni umadalira maola amene chaliradi, ndipo utsi nawo n'chimodzimodzi.

Tiyeni tiwerenge ndi mayuniti a ESCOM amene timagulawa. Yuniti imodzi yopangidwa ndi malasha imatulutsa mpweya wa kaboni wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi. Makina a 300 akalira ola lathunthu apanga mayuniti 300,000. Amenewo ndi matani ngati 300 a mpweyawo, pa ola limodzi lokha. Pa chaka, tikachotsapo masiku okonza makina, tifika pa matani cha m'ma 2 miliyoni.

Ndikuona achimwene apo akupukusa mutu, akuti mpweya ungalemere bwanji. Umalemera ndithu, kuposa malasha amene ayakawo! Kaboni wa m'malasha akamayaka amagwirana ndi mpweya umene timapumawu, ndiye tani imodzi ya malasha imabala matani oposa awiri.

Adzakuuzani kuti makina amakono ali ndi zosefera, ndipo sadzakhala akunama. Phulusa louluka amaligwira. Sufule, amene amayabwa pakhosi ndi kukhosomoletsa ana, amatha kumuchepetsa. Koma mpweya wa kaboni umadutsa m'zoseferazo osatsalira. Ulibe mtundu, sununkha, moti chumuni chingaoneke choyera mbee pomwe matani aja akukwera. Ukafika kumwamba umakhalako zaka zambirimbiri, kusunga kutentha ndi kusokoneza mvula. Ena amati Malawi amatulutsa pang'ono poyerekeza ndi South Africa, kumene malo opangira magetsi ndi malasha a Medupi okha ali ndi mamegawati oposa 4,700. Akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi anthu ophunzira omwe amakangana nayo.

Tsono mukadzakhala nawo pansi, afunseni kuti makinawo azidzalira maola angati pa chaka, ndi matani angati amene adzakwere. Afunseninso za phulusa lotsala pansi, pakuti limachuluka zedi: adzalithira pati, kutali bwanji ndi zitsime zathu?

Amayi mwakweza dzanja, mukuti za madzi? Eya, makinawa amamwa madzi ambiri pozizira. Imirirani, funsani mokweza kuti onse amve.