SSD Yanu Ikutentha? Sitika Ija Isiyeni!

Muli bwanji abale anga a ku Kasungu ndi kwina konse? Okutobala wafika, dzuwa likuswa mtengo, ndipo anzathu okonza mavidiyo a maukwati pa Boma ayamba kale kudandaula. Akuti ukamakopera mafayilo akuluakulu kompyuta imayamba ndi liwiro, kenaka n'kuyamba kukwawa. Nthawi zina ndi SSD, kachipangizo kosungira mafayilo m'kompyuta, yatentha. Dinani subscribe, tiyambepo.

Mwachangu: SSD ya SATA, yam'kabokosi ija, imalekezera cha m'ma 550 MB pa sekondi ndipo sitentha kwenikweni. Yovuta ndi ya NVMe, kowonda kaja komangira pa motherboard, bolodi lalikulu la kompyuta, pa malo otchedwa M.2. Ya PCIe 4.0 (PCIe ndi njira yolumikizira SSD ku motherboard) imafika 7,000 MB pa sekondi, ndipo controller yake, kachipangizo koyendetsa SSD yonse, ndi imene imatentha kwambiri. Zambiri anazipanga kuti zizigwira ntchito mpaka madigiri 70. Kutentha kukanyanya, SSD imachepetsa yokha liwiro kuti isawonongeke.

Choyamba, yezani. Pulogalamu ya CrystalDiskInfo imaonetsa kutentha kwa SSD, ndipo ndi yaulere. Muyang'ane madigiri pamene mukukopera, osati kompyuta itangokhala.

Chachiwiri, ikani heatsink, kachitsulo kochotsa kutentha pa SSD. Ma motherboard ambiri atsopano amabwera nayo. Kunsi kwake kuli thermal pad, kachinthu kofewa kodutsitsa kutentha, yophimbidwa ndi kapulasitiki. Kapulasitiki kameneko ndiye muchotse.

Tsono imani kaye, apa ndi pamene pamandipsetsa mtima. Alipo ena akuuza anthu kuti azimatula sitika ya pa SSD, ati ikupanikiza kutentha ngati bulangete. Bodza limenelo, achimwene! Sitikayo ndi yopyapyala kwambiri, kutentha kumadutsa n'kukafika pa heatsink popanda vuto. Komanso si zonse zili zapepala. Tembenuzani Samsung 970 EVO: sitika yakumbuyo ili ndi kopa mkati mwake, anaiika dala kuti izimwaza kutentha. Mukaimatula, mwachotsa chimene chimakuthandizani. Nanga walanti? Nambala ya chipangizocho ili pa sitika, ndipo makampani ambiri amakana kubweza SSD yomatulidwa. Mwagula modula ku Lilongwe, mwakwera nayo basi mpaka kuno, n'kudzaipalasa ndi lezala? Lezalayo ikangoterereka pang'ono, yasomphola tizipangizo tating'onoting'ono tapabolodi, mafayilo a kasitomala apita. Amene munauzidwapo zimenezi, lembani m'makomenti, ndikufuna ndidziwe kuti bodzali lafika pati.

Chachitatu, mpweya. Fani yakutsogolo izikokera mkati, yakumbuyo izitulutsa. Ngati SSD ili kunsi kwa graphics card ndipo pali malo ena a M.2, onani m'kabuku ka motherboard ngati liwiro lake ndi lofanana, musamutse.

Chachinayi, fumbi. Shopu ikakhala m'mbali mwa M1 mukulidziwa nokha. Kompyuta ichoke pansi, ikwere patebulo. Izimitseni, zulani pulagi, gwirani fani ndi chala isazungulire, pemererani ndi bulowa.

Za PCIe 5.0 musayese n'komwe popanda heatsink. Vidiyo yotsatira tiika heatsink limodzi pa kamera, ndiye dinani kabelu kaja musaphonye.