Ulendo wa bilu m'Nyumba ya Malamulo, ndi pomwe mawu a anthu amalowera

Amayi, abambo, achinyamata nonse, zikomo pobwera. Lero tikambirana za Nyumba ya Malamulo, makamaka momwe imapangira malamulo okhudza moyo wathu wa tsiku ndi tsiku: ukwati, ana, nkhanza za m'banja, matenda, ufulu wodziwa zomwe boma likuchita. Ambiri nyumbayi timaidziwira pa wailesi, aphungu akamakuwizana. Komatu likamafika tsiku lokuwizanalo, ntchito yaikulu imakhala itachitika kale. Lamulo limaumbidwa m'zipinda zazing'ono, anthu asakumva, ndipo lina limadzafa pambuyo poti aliyense waomba m'manja kuti ladutsa. Ndikufuna muchoke pano mukuwadziwa malo amenewo.

Nyumba ya Malamulo kulikonse ili ndi ntchito zitatu. Imapanga malamulo, imavomereza ndalama zomwe boma litolere ndi kugwiritsa ntchito, ndiponso imafunsa nduna kuti zifotokoze zomwe zachita. Kamangidwe kake ndi komwe kamasiyana. Maiko ena ali ndi nyumba ziwiri. Ku Britain nyumba ya aphungu osankhidwa ili ndi mipando 650, ndipo pali inanso ya House of Lords. Ku South Africa ina ili ndi aphungu 400, ina yoimira zigawo ili ndi nthumwi 90. Ku America ina ili ndi aphungu 435, ina 100. Kumeneko bilu, lamulo lomwe lidakali pa pepala, iyenera kudutsa kawiri, choncho cholakwika chikaphonyeka uku chikhoza kugwidwa uko. Malawi ili ndi nyumba imodzi. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ndi gawo lokhazikitsa nyumba yachiwiri ya Senate, koma linachotsedwa mu 2001 nyumbayo isanakhalepo n'komwe. Pomwe pali nyumba imodzi, mpata wokonza cholakwika ndi wochepa, ndiye maso a anthu amafunika kwambiri.

Bilu ndi lamulo lomwe lidakali pa pepala, lisanavomerezedwe. Mabilu ambiri amachokera ku boma. Unduna umaona vuto, umalemba mfundo, kenaka maloya odziwa kalembedwe ka malamulo ku Unduna wa Zachilungamo amazisandutsa ndime, nduna zonse n'kukhala pansi kuvomereza kuti ipite ku nyumba. M'maiko ambiri muli bungwe lounika malamulo, la Law Commission, lomwe limayendayenda kumva maganizo a anthu lisanalembe lipoti. Apa ndi pakhomo poyamba. Chinthu chikalowa pa nthawi imeneyi chimalowa mosavuta, chifukwa palibe chipani chomwe chalumbira kale pagulu kuti sichisintha maganizo.

Njira yachiwiri ndi ya phungu payekha. Iyi muimvetse bwino, chifukwa nkhani zogawanitsa anthu nthawi zambiri zimadzera kumeneku. Boma likaona kuti nkhani ikhudza chikhulupiriro cha anthu ndipo ingalitayitse mavoti, limaisiya kuti phungu wamba aisenze. Ku Britain, lamulo la 1965 loimitsa chilango chonyonga opha anthu linabwera ndi phungu Sydney Silverman, ndipo la 1967 lokhudza kuchotsa pakati linabwera ndi David Steel. Koma njirayi ndi yopapatiza. Nthawi ya nyumba imalamulidwa ndi mbali ya boma, aphungu wamba amangopatsidwa tsiku lawo: ku Britain ndi Lachisanu lowerengeka pa chaka, ku Malawi ndi Lachinayi. Odana ndi bilu safunikanso kuigonjetsa pa voti, amangoyankhula motalikitsa mpaka nthawi itatha. Palinso chotchinga cha ndalama: phungu wamba saloledwa kubweretsa bilu yokhazikitsa msonkho kapena yotapa m'thumba la boma popanda chilolezo cha nduna ya zachuma. Ndipo pomwe pamafunika chilolezo cha nyumba, bilu ikhoza kufera pakhomo. Mu Malichi 2021 aphungu a ku Malawi anakana pempho loti bilu yokhudza kuchotsa pakati ibweretsedwe, ndime zake zisanakambidwe ngakhale imodzi.

Tiyeni tsopano tiitsatire bilu ikalowa. Isanawerengedwe imasindikizidwa mu Gazeti, nyuzipepala ya boma, kuti aphungu ndi anthu aione. Pamakhala masiku oikika odikira. Mukamva kuti nyumba yavomereza kuchotsa masiku odikirawo, tcherani khutu, chifukwa ndiye kuti aphungu akukavotera chinthu chomwe ambiri sanachiwerenge mofatsa.

Kuwerenga koyamba n'kwamwambo chabe: kalaliki amatchula dzina la bilu, basi, palibe mtsutso. Kuwerenga kwachiwiri ndi komwe mumamva pa wailesi. Nduna imafotokoza cholinga, mbali yotsutsa boma imayankha, aphungu amathirirapo ndemanga. Funso pamenepa ndi limodzi lokha: kodi ganizo lalikulu la biluyi tikulifuna? Sasintha mawu pa nthawi imeneyi.

Mawu amasinthidwa ku komiti, ndipo apa ndikhalitsapo. Komiti ndi kagulu ka aphungu ochokera m'zipani zosiyanasiyana koona nkhani imodzi, monga zaumoyo, zamalamulo kapena zachisamaliro cha anthu. Maiko ena amatumiza bilu ku komiti ikangowerengedwa koyamba, ena ikawerengedwa kachiwiri. Komiti ili ndi mphamvu yoitana akuluakulu a unduna, madokotala, mabungwe, atsogoleri a zipembedzo ndi anthu wamba. Ikatero imalemba lipoti. Kenaka nyumba yonse imasanduka komiti, sipikala amachoka pa mpando wake waukulu, ndipo bilu imayendedwa ndime ndi ndime, iliyonse n'kufunsidwa ngati ikhale, isinthidwe kapena ichotsedwe.

Ndikupatseni chitsanzo cha momwe liwu limodzi limagwirira ntchito. Tiyerekeze ndime ikunena kuti wapolisi akalandira dandaulo la nkhanza za m'banja "angathe" kuperekeza wodandaula kuchipatala. Ina ikunena kuti "ayenera" kumuperekeza. Mayi wafika pa polisi usiku, diso lotupa, mwana kumsana. Ngati lamulo likuti "angathe", wapolisi akamuuza kuti abwere mawa sanalakwire lamulo. Ngati likuti "ayenera", walakwira, ndipo pali pokamudandaulira. Mtsutso wonse wa pa wailesi ukhoza kutha osakhudza liwu limenelo. Chimodzimodzi ndime yomasulira mawu, yomwe imakhala koyambirira ndipo ambiri amailumpha. Ikanena kuti "mwana" ndi munthu wosakwana zaka 16, ndiye kuti wa zaka 17 watuluka m'chitetezo chonse cha lamulolo, kaya ndime zotsatira ndi zokoma bwanji. Ikanena kuti "banja" ndi okhawo olembetsa ku boma, amayi ambiri atsala kunja.

Kuti komiti imasinthadi zinthu, umboni ulipo. Bilu ya ku Malawi yokhudza HIV ndi Edzi inali ndi ndime zokakamiza magulu ena, monga amayi oyembekezera ndi antchito a m'nyumba, kuyezetsa magazi, ndi zina zopereka chilango kwa wopatsira mnzake kachilombo. Amayi omwe ali ndi kachilomboka anapita kukafotokozera aphungu kuti mayi ndi amene amayamba kudziwika pa sikelo, choncho ndi iye amene angayambe kuimbidwa mlandu, ndipo mantha angathawitse anthu kuchipatala. Pomwe lamuloli limadutsa mu Novembala 2017, ndime zimenezo zinali zitachotsedwa.

Zosinthazo zikaperekedwa ku nyumba, bilu imawerengedwa kachitatu, n'kuvota. Voti yambiri ndi ya mawu: ovomereza amafuula, okana amafuula, sipikala n'kugamula mbali yomwe yamveka kwambiri. Aphungu akatsutsa chigamulocho, belu limalira ndipo amavota mmodzimmodzi, maina n'kulembedwa. Kusiyana kwake n'kwakukulu kwa inu ovota, chifukwa pa voti ya mawu simudzadziwa kuti phungu wanu anaima mbali iti. Zoyankhula zonse zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, ndipo ndi loti anthu aziwerenga. Dziwaninso kuti chipani chilichonse chili ndi mkulu woonetsetsa kuti aphungu ake abwera ndipo avota momwe chipani chagwirizanira. Pa nkhani zachikumbumtima zipani zina zimamasula aphungu kuti aliyense avote momwe mtima wake ukumuuzira. Zikatero, kalata yochokera kwa anthu a m'dera imalemera kuposa masiku onse.

Pali chinthu china chooneka chaching'ono: chiwerengero cha aphungu oyenera kukhalapo kuti nyumba igamule kanthu. Ku House of Commons, nyumba ya aphungu osankhidwa ya ku Britain ija, ndi 40. Ku Malawi ndi theka la aphungu kuonjezerapo mmodzi. Ku Uganda ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kumeneko lamulo lokhudza amuna kapena akazi ogonana okhaokha, lomwe pulezidenti anasaina mu Febuluwale 2014, linathetsedwa ndi khothi pa 1 Ogasiti chaka chomwecho. Khothilo silinaweruze zomwe zinali m'lamulomo. Linangopeza kuti tsiku lovota aphungu sanakwane.

Bilu ikadutsa imapita kwa mtsogoleri wa dziko. Ku Britain mfumu imangovomereza, ndipo kukana komaliza kunachitika mu 1708. Ku America pulezidenti akakana, pamafunika magawo awiri mwa atatu a nyumba iliyonse kuti amupose. Ku Malawi pulezidenti ali ndi masiku 21 oti asaine kapena akane. Akakana amaibweza ndi zifukwa, ndipo nyumba ikaivomerezanso ayenera kusaina. Ku Kenya mu Juni 2024, bilu ya misonkho inadutsa m'nyumba, anthu anachita zionetsero, Pulezidenti William Ruto n'kukana kuisaina.

Tsopano mvetserani pomwe ambiri timagonera. Kusaina si kuyamba kugwira ntchito. Malamulo ambiri amakhala ndi kandime konena kuti lamuloli lidzayamba pa tsiku lomwe nduna idzalengeze mu Gazeti. Nduna ikapanda kulengeza, lamulo limangokhala m'kabati. Lamulo la ku Malawi lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linadutsa mu Disembala 2016, linasainidwa mu Febuluwale 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Zaka zitatu ndi miyezi ingapo munthu sakanatha kuligwiritsa ntchito, pomwe aliyense ankati lilipo. Njira yotsekera mpata umenewu ndi kupempha, bilu idakali ku komiti, kuti tsiku loyambira lilembedwe m'lamulo momwemo.

Likayamba, pamafunikanso timalamulo tating'ono tomwe nduna imalemba: fomu yake ndi iti, ipite ku ofesi iti, yankho libwere m'masiku angati. Popanda timeneti, wogwira ntchito m'boma amangotambasula manja kuti sanauzidwe kachitidwe kake. Kenaka ndalama. Lamulo likhoza kunena kuti pakhale nyumba zosungirako ana ozunzidwa, koma ngati mu bajeti mulibe mzere wa nyumbazo, sipamangidwa ngakhale chipupa. Choncho amene anamenyera lamulo ayenera kubwereranso nthawi ya bajeti, chaka ndi chaka, kukaona ngati ndalama zaikidwa, ndiponso ngati zoikidwazo zatulukadi.

Pamwamba pa zonsezi pali malamulo oyendetsera dziko. Lamulo wamba likasemphana nawo, limagonja. Mu 2015 Malawi inakhazikitsa lamulo la ukwati lonena kuti wolowa m'banja akhale ndi zaka 18. Anthu anasangalala, koma gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko linkalolabe wa zaka 15 mpaka 18 kukwatiwa makolo akavomereza. Panafunika kusintha gawo limenelo, zomwe zimafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu, ndipo zinatheka mu Febuluwale 2017. Magawo ena otetezedwa kwambiri sasinthidwa ndi aphungu okha, amafuna riferendamu.

Khothi likhozanso kufunsa ngati anthu anamvedwa. Mu 2006 khothi lalikulu loona malamulo oyendetsera dziko ku South Africa, pa mlandu womwe bungwe la Doctors for Life linasuma, linagamula kuti malamulo awiri, lina losintha lamulo la kuchotsa pakati, lina lokhudza asing'anga, sanapangidwe moyenera chifukwa nyumba yoimira zigawo sinapatse anthu mpata wokwanira woyankhulapo. Linapereka miyezi 18 kuti ntchitoyo ibwerezedwe. Kumva anthu kumeneko si chifundo cha aphungu, ndi udindo wolembedwa.

Ndiye mukafuna kuyankhulapo pa bilu, chitani motere. Pezani pepala lenileni la biluyo, osadalira zomwe mwamva. Funsani ku ofesi ya kalaliki wa nyumba kuti ili ku komiti iti ndipo tsiku lomaliza kulandira maganizo ndi liti. Kalata yanu ipite kwa wapampando wa komitiyo, ina kwa phungu wa dera lanu. Musalembe kuti biluyi ndi yoipa n'kuthera pomwepo, chifukwa komiti ilibe chochita ndi mawu otero. Tchulani nambala ya ndime, nenani chomwe chidzachitikire munthu weniweni ndimeyo ikakhala momwe ilili, kenaka lembani mawu omwe mukufuna alowe m'malo mwake. Masamba awiri ndi okwanira. Ngati muli gulu, sainani nonse, tchulani kuti mukuimira anthu angati, ndipo pemphani kuti akuitaneni mukayankhule pamaso pa komiti. Sungani kope lokhala ndi chidindo cha tsiku lomwe analandira. Lipoti la komiti likatuluka, lifananitseni ndi kalata yanu ndime ndi ndime, ndipo chomwe chasiyidwa mukachipereke kwa phungu yemwe angachidzutse nyumba yonse ikamayenda m'ndimezo.