Adam Menelaws: mmisiri wa ku Scotland amene anamangira mafumu a ku Russia

[Chithunzi: doko la Leith, zombo zakale]

Moni nonse. Chaka ndi 1784. M'nyuzipepala ina ya mu Edinburgh mwatuluka chilengezo chakuti mfumukazi ya ku Russia, Catherine Wachiwiri, ikufuna amisiri: osema miyala, oyala njerwa, opaka pulasitala, osula zitsulo. Amene anatumiza chilengezocho ndi Charles Cameron, katswiri wojambula mapulani a nyumba za mfumukaziyo, yemwe sankakhutira ndi antchito amene anawapeza kumeneko. Amisiri 73 anakwera chombo, ena ndi akazi ndi ana omwe. Mmodzi mwa iwo anali Adam Menelaws, ndipo lero tikambe za iyeyu.

[Chithunzi: denga lopindika la njerwa]

Menelaws anapita ngati mmisiri wa miyala, wodziwa kumanga madenga opindika. Amene munamangitsapo nyumba mukudziwa kuti khoma loongoka aliyense amayesako, koma kupinda njerwa m'mwamba popanda nsanamira pakati, njerwa iliyonse itatsamira inzake, si ntchito ya wophunzira. Mumayamba mwakhoma thabwa lopindika, n'kuyalapo njerwa kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo mwala wapakati ukalowa ndiye mumachotsa thabwalo. Mukalakwitsa pang'ono, zonse zimakugwerani pamutu. Luso limeneli ndi limene linamupatsa mwayi.

Sanakhalitse kwa Cameron. Pasanathe zaka ziwiri anali atatengedwa ndi Nikolai Lvov, munthu wa ku Russia amene mutu wake unkangotumphuka nzeru zatsopano. Lvov anamutumiza ku Mogilev, mzinda umene lero uli m'dziko la Belarus, kukamanga tchalitchi chachikulu cha Yosefe Woyera. Tchalitchicho musachifunefune, chinaphwasulidwa mu 1938. Anamutumanso kukafufuza malasha, ndipo anapezeka kufupi ndi Borovichi.

[Chithunzi: Priory Palace ku Gatchina, m'mbali mwa nyanja]

Apa ndi pamene ine nkhaniyi imandikoka mtima. Lvov ankadandaula kuti nyumba za matabwa zikutha nkhalango komanso sizichedwa kupsa. Choncho anatsegula sukulu yophunzitsa anthu a m'midzi kumanga ndi dothi, ndipo Menelaws anali mmodzi wa amisiri amene ankagwira naye ntchitoyo. Njira yake? Mumaimika matabwa awiri, kuthira dothi pakati, kusinja mpaka litalimba, kenako kukweza matabwawo n'kuyambanso. Inde, ndi mdindo womwewo umene timaudziwa kumudzi. Nyumba imene mukuionayi, Priory Palace, Lvov anamangira mfumu Paul kumapeto kwa zaka za m'ma 1790, ndipo makoma ake ndi a dothi losinja. Yapirira chipale chofewa kwa zaka zoposa 200, ikadali chilili.

Lvov atamwalira, Menelaws anagwira ntchito kwa mabanja olemera monga a Razumovsky, kuwakonzera nyumba ndi minda ya maluwa. Kuwerengera kuyambira pamene anafika ku Russia, zaka zoposa 30 zinatha chonchi, dzina lake likubisika kuseri kwa mayina a mabwana.

[Chithunzi: Alexander Park, Tsarskoye Selo]

Ulemu unamupeza imvi zili mbuu. Mfumu Alexander Woyamba, kenako mng'ono wake Nicholas Woyamba, anamupatsa ntchito yokonza munda waukulu wa Alexander Park ku Tsarskoye Selo, kufupi ndi St Petersburg. Taonani zimene anamangamo. Iyi ndi White Tower. Iyi ndi Chapelle, yomwe anaimanga dala kuti izioneka ngati bwinja la tchalitchi chakalekale, chifukwa olemera a nthawiyo ankakonda zoterezo. Ichi ndi chipata cha Egyptian Gate, chomangidwa pakati pa 1827 ndi 1830, chokutidwa ndi zitsulo zokhala ndi zithunzi za ku Egypt wakale. Anamanganso khola la mahatchi okalamba a mfumu, oti apume atagwira ntchito yawo, ndipo pambali pake pali manda a mahatchiwo.

[Chithunzi: Cottage ya ku Peterhof]

Koma ntchito imene ine ndimaiika patsogolo ndi iyi, Cottage ya ku Peterhof, kufupinso ndi St Petersburg, ya pakati pa 1826 ndi 1829. Mkazi wa Nicholas, Alexandra Feodorovna, anali atatopa ndi nyumba zachifumu za golide ndi zipinda zosawerengeka. Menelaws anawamangira nyumba yonga ya kumudzi ku Britain: denga losongoka, makhonde, mawindo oyang'ana kunyanja, zipinda zoti banja n'kukhala pamodzi madzulo. Mfumu ya dziko lalikulu chotero inkakhala m'menemo m'chilimwe ndi ana ake, ndipo lero alendo amalowamo kukaona.

Mu 1831 mliri wa kolera unagwa mu St Petersburg, ndipo unamutenga Menelaws. Nyumba yotchedwa Arsenal, imene ankamanga mkati mwa Alexander Park, inali isanathe. Anaimaliza ndi ena mu 1834.